Mwana wa Alamu M'kalasi

"Lero mutsala naye mwanayu," anatero Achemwali uku akuvala ndolo pagalasi la pabalaza. "Kusaluni ndili ndi mkwatibwi ndi anzake onse. Sindingamange tsitsi la anthu mwana ali kumsana."

Make Mapasa anali ataima pakhomo la kukhitchini, nsapato zili kuphazi, chikwama cha mabuku chili paphewa. Manja ake anali akadali onyowa chifukwa anali atangomaliza kutsuka mbale ndi kukolopa.

"Alamu, paja ndinakuuzani kuti lero a Pulofesa akubwera kudzandionerera ndikuphunzitsa."

"Munandiuza, ndinamva. Ndiye a Pulofesa anuwo sanabereke? Sanaonepo mwana?"

"Si choncho, alamu. Kungoti m'kalasi..."

"A Digiri, musandichedwetse. Matewera ali pawaya, wadya kale. Akalira mumupatse madzi."

Achemwali anali mlongo wamkulu wa mwamuna wa Make Mapasa. Bambo a mapasa ankawaitana choncho, ndipo dzinalo linakhazikika mpaka kusaluni. Make Mapasa anali ataphunzitsa kusekondale zaka zambiri asanapeze malo kuyunivesite ya kutaliyi, kumene basi yochokera kwawo inkafika itagonera panjira. Anabwera kudzachita digiri yachiwiri ya zanthaka. Malowo anabwera ndi lamulo lake: yunivesite imulipirira, iye aziphunzitsa ana a chaka choyamba. Akalephera kuphunzitsa, maphunziro ake athera pomwepo. Mwamuna wake nayenso anaika lamulo lake. Anati adzasunga mapasawo, koma mkazi wake asakakhale kuhositelo pakati pa anthu osadziwika. Akakhale kwa Achemwali, m'maso mwa abale.

Sabata imene Make Mapasa anafika, Achemwali anachotsa wantchito.

Tsopano anatola makiyi awo, napsompsona mwana pachipumi, natuluka. Geti linalira kumbuyo kwawo. Kamtsikanako, ka zaka ziwiri ndi miyezi, kanali pamkeka kakuyamwa chala, kakuyang'ana Make Mapasa ngati kakudikira kuti ayambe ndi iye.

Anayesa kwa aneba. Mayi wa nyumba ya pafupi anamuyankhira pawindo, osatsegula chitseko.

"Mwana wa mayi ujayo? Ayi, pepani. Tsiku lina anagwa pakhonde panga pano, amake anandinyoza msewu wonse ukumva. Sindifunanso."

Nthawi inali itapita. Make Mapasa anatenga nsalu, nabereka mwana, naponya thewera limodzi m'chikwama pakati pa mabuku, n'kuthamangira basi.

Ofesi ya ophunzira a madigiri apamwamba inali kumapeto kwa khonde, pafupi ndi zimbudzi. Munali matebulo atatu, anthu anayi. Tebulo la pawindo linali la bambo wina amene anzake ankamutchula Kalekale, chifukwa anayamba digiri ya udokotala kalekale ndipo sankamaliza. Kalasi imene Make Mapasa ankaphunzitsa inali yake zaka zonse za m'mbuyomo, ndipo sanaiwale. Tsiku loyamba lija anamusonyeza mpando wothyoka mkono, namuuza kuti kabati yadzaza, mabuku ake aziika pansi.

Kalekale anatukula maso pakompyuta yake, nayang'ana mwana, nayang'ana Make Mapasa, kenako anaseka pang'onopang'ono ngati munthu amene walandira mphatso.

"Eee, Madamu! Mwabwera ndi wophunzira watsopano? Walembetsa chaka chanji?"

"Achimwene, ndikupempheni. Wagona. Ndimugoneke pampando apa, muzingomuyang'anako mpaka kalasi ithe."

"Ine? Pachitseko paja palembedwa kuti nazale?"

"Chonde. Lero a Pulofesa..."

"Ndikudziwa za lero. Ndi ine ndinawakumbutsa." Anabwezera maso pakompyuta. "Kalasi munaifuna nokha. Pitani nayo, ndi zonse zimene mwabwera nazo."

Kalasiyo inali ya mipando yokwera ngati masitepe, ndipo inali itadzaza. Ana a chaka choyambawo sanamulandirepo bwino chiyambire. Ankamuseka katchulidwe ka mawu, ankamuyeserera akatembenukira kubolodi, ndipo mnyamata wina wa chipewa chofiira, wokhala mzere wakumbuyo, ankakonda kufunsa kuti, "Kodi sala athu aja abwera liti?" Atalowa ndi mwana kumsana, phokoso linaduka kaye, zii. Kenako wina analiza likhweru, kalasi yonse n'kuphulika.

A Pulofesa anali atakhala kale mzere wakutsogolo, pakona. Anali mayi wamtali, wa imvi zometa bwino, wosakonda kumwetulira. Anayang'ana mwanayo pamwamba pa magalasi awo, natsegula cholembera.

Make Mapasa anayamba. Phunziro analikonzekera sabata yonse, m'basi ndi pa sinki, ndipo ankalidziwa. Anajambula pabolodi dzenje lokumbidwa m'munda, nasonyeza mmene dothi limasanjikizirana: lakuda pamwamba, lofiira pansi pake, kenako miyala yofumbutuka. Atsikana awiri a kutsogolo anayamba kulemba. Iye anaona, mtima unatsikako.

Ndiye wa chipewa chofiira uja anagwetsa botolo lachitsulo pa masitepe. Linagubuduka mzere ndi mzere, likulira ngati belu, mpaka pansi.

Mwana anadzidzimuka. Anatukula mutu, naona nkhope zonse zija zikumuyang'ana, nayamba kukuwa.

"Amayi! Ndikufuna amayi!"

"Madamu, muyamwitseni!" anafuula wina.

"Ife tidikira, musadandaule!"

"Akukana dothi lofiira ameneyo, akufuna lakuda!"

Make Mapasa anagwedeza msana, akusisita mwana ndi dzanja limodzi, lina lili ndi choko. Anakweza mawu kuti apose kulirako. Mwana nayenso anakweza ake, akupalasa miyendo, akumukoka tsitsi. Kenako Make Mapasa anamva kutentha kukutsika pamsana, kudutsa m'chiuno, kulowa mu siketi. Anadziwa chimene chachitika. Anaganiza kuti akangoima moyang'ana kalasi palibe aone. Koma mwana anaterereka, nsalu inamasuka, ndipo pomuwakha anatembenuka. Bulauzi yake yoyera inali itamatirira pamsana, yachikasu mpaka m'munsi.

Kalasi inagwa ndi phwete. Ena ankamenya madesiki. Mafoni anali m'mwamba. Pakhomo, atatsamira chitseko, manja ali m'thumba, panali Kalekale.

A Pulofesa anatseka cholembera chawo, naimirira. Sanakweze mawu.

"Kalasi yatha. Tulukani." Anatembenukira kwa Make Mapasa. "Inu, mukadzikonza mundipeze."

Kuchimbudzi cha akazi Make Mapasa anamusintha mwana atamuimika pa sinki. Mwana anali atasiya kulira, akungosisima, akuseweretsa mpopi. Kunalowa mtsikana wa magalasi aakulu, mmodzi wa anthu anayi a muofesi muja, amene sanalankhulanepo naye kupitirira moni. Nayenso anali wochokera kutali. Anayang'ana bulauziyo, natuluka, nabwerako ndi khoti loyera la mulabu.

"Valani ili. Mulichape musanabweze."

"Zikomo, asisi."

"Musandithokoze, ndikulifuna mawa." Anasamba m'manja, akumuyang'ana pagalasi. "Mumakhala kwa abale?"

"Kwa alamu anga."

"Zikuoneka. Mnzanga wa m'chipinda anasiya sukulu, bedi lake lili chabe. Koma ndineneretu: sindifuna phokoso, sindifuna alendo, ndipo poto wanga sindibwereketsa."

Anatuluka asanayankhidwe.

Muofesi ya a Pulofesa munali mozizira. Sanamuuze kuti akhale. Make Mapasa anaima pafupi ndi chitseko, khoti la eni lili pathupi, mwana ali m'manja.

"Ine ndinalemba digiri yanga ndili ndi ana ang'onoang'ono, mwamuna atandithawa," anatero a Pulofesa. "Funsani aliyense pa khonde lino ngati anaonapo mwana wanga m'kalasi. Mukudziwa zimene amanena amuna a m'komiti ndikapempha kuti atenge akazi? Amati akazi amabwera ndi matewera. Ine ndimakangana nawo chaka ndi chaka. Lero mwawapatsa chithunzi."

"Pepani, mayi. Sizinali..."

"Bambo ake ali kuti mwanayu?"

"Si wanga. Ndi wa alamu anga, kumene ndikukhala. Anga ndinawasiya kwathu."

A Pulofesa anavula magalasi, namuyang'ana.

"Ndiye zaipiratu. Mwasiya anu kwanu kuti mudzalere a eni, n'kutaya ndi digiri yomwe? Mayi, ndinu wamkulu. Ine sindingakuuzeni zochita kunyumba kwanu. Zimene ndingakuuzeni ndi izi: kalasi ija ndaibwezera kwa mwini wake wakale. Inu muzikhala kumbuyo, muzichonga mapepala. Pakati pa temu ndidzakupatsani kalasi imodzi, ndidzabweranso. Zikadzalephereka, mudzakwere basi."

"Phunzirolo munaliona bwanji, mayi? Pamene linali lisana..."

"Sindinabwere kudzaonera theka. Tsekani chitseko potuluka."

Make Mapasa anafika kunyumba dzuwa likadali m'mwamba, akuganiza kuti apeza kulibe munthu. Koma geti linali lotsegula. Achemwali anali pakhonde, akadali ndi epuloni ya kusaluni, foni ili m'manja. Anatsika masitepe mothamanga, namukwatula mwana.

"Bweretsani mwana wanga! Mfiti inu!"

"Alamu..."

"Alamu chiyani? Ndikumanga tsitsi la mkwatibwi, kasitomala akundionetsa foni, akuti taonani zoseketsa izi. Anthu onse m'saluni akuseka, ine ndikuseka nawo. Kuyang'anitsitsa, mwana wanga! Mwana wanga akukuwa, anthu mazanamazana akumuwombera m'manja! Mwamusandutsa sewero mzinda wonse?"

"Ndikanamusiya ndi ndani?"

"Mukanakhala pakhomo! Tsiku limodzi lokha mukanafa? Dothi lanu lija likanathawa?"

"Andilanda kalasi, alamu."

"Akulandeni! Mwina mukumbukira kuti ndinu mkazi wa munthu. Mlongo wanga akuchapa mayunifolomu a ana yekha, anzake akumuseka, inu muli kuno kuvala makhoti oyera ngati dokotala. Mukudya zanga, mukugona panga, koma kungokupemphani kamodzi..."

"Kamodzi?" Mawu a Make Mapasa anatuluka okwera kuposa mmene anafunira. "Chifikireni ndatsuka mbale iti imene si yanu? Ndachapa zovala za ndani? Ndimalemba ntchito ya kusukulu nditaimirira pa chitofu. Munachotsa wantchito chifukwa munaona kuti kwabwera wina wosalipidwa."

Mayi wa nyumba ya pafupi anali atatsegula windo lake. Achemwali anaona, anatsonya, nalowa m'nyumba.

"Lowani. Tiyankhule ndi mwini wanu."

Anaimba foni, naikweza mawu, naiika patebulo pakati pawo. Bambo a mapasa anayankha ali kuntchito. Kumbuyo kunkamveka makina. Achemwali anafotokoza nkhani yonse, akulira pamene pafunika kulira. Anati mwana sakudya, akungonjenjemera. Mwanayo anali pansi pa tebulo, akutafuna bisiketi.

"Amake mapasa, muli pomwepo?" anafunsa mwamunayo.

"Ndilipo."

"Zoona munapita naye mwana kukalasi?"

"Anandisiyira. Ankadziwa kuti lero..."

"Ndafunsa ngati munapita naye."

"Ndinapita naye."

Mwamunayo anapuma mwamphamvu pafoni. "Pepesani kwa Achemwali."

"Bambo a mapasa, andilanda kalasi. Ndatsala ndi mwayi umodzi. Ukandiphonya ndibwerako chimanjamanja, ntchito ya kusekondale ndinasiya, ana ndinawasiya, zonsezi pachabe. Mwamva zimenezo?"

"Ndamva. Koma Achemwali ndi amene anandilera ine, mukudziwa. Akusungani m'nyumba mwawo. Munthu ukakhala pa eni umatsitsa mutu. Pepesani, nkhani ithe, ine ndili pantchito."

"Ndiye mawa akandisiyiranso?"

"Mudzagwirizana. Ndinu akazi nonse."

Achemwali anapinda manja, akudikira. Make Mapasa anayang'ana pabalazapo: pansi pamene anakolopa m'mawa, makatani amene anachapa, sofa imene sanakhalepo chifikireni chifukwa nthawi yokhala inali isanapezeke. Kenako anawerama, nayang'ana pansi pa tebulo.

"Iwe, mama, pepa wamva? Unaopa. Sindidzakutengeranso kumene kuja."

Anaweramuka. "Ndapepesa kwa amene ndinamulakwira. Alamu, zikomo pondisunga. Ndikusamuka."

"Mukusamukira kuti?" anafunsa mwamunayo.

"Kuhositelo. Kuli bedi m'chipinda cha mtsikana wa muofesi mwathu."

Achemwali anaombetsa manja, naseka. "Wamva? Wamva, mlongo wanga? Ndinakuuza ine. Mtsikana wa muofesi! Ali ndi ndevu mtsikana ameneyo. Zinali zopangana kale izi, mwana wanga angomupezerapo chifukwa."

"Amake mapasa," mawu a mwamunayo anatsika, ngati mmene ankachitira akakwiya zenizeni. "Tinagwirizana chiyani musananyamuke?"

"Tinagwirizana kuti ndikubwera kudzaphunzira."

"Mukatuluka m'nyumba ya Achemwali, mudziwe kuti mwatulukanso m'nyumba mwanga."

Ngakhale Achemwali anasiya kuseka. Make Mapasa anayang'ana foniyo patebulo. Anali atakhala ndi bamboyu zaka zambiri, ndipo sanali munthu woipa. Ndi iye amene anamuperekeza kubasi atanyamula sutikesi pamutu, mapasa akuseka. Koma pamaso pa mlongo wake ankabwerera kukhala kamnyamata.

"Mawu amenewo mwalankhula pali anthu," anatero Make Mapasa pang'onopang'ono. "Ndidzawamva bwino mukadzandiuza tili awiri. Nambala yanga ndi yomweyi."

Analowa m'kachipinda kosungiramo katundu kamene ankagonamo. Kulongedza sikunatenge nthawi, chifukwa zovala zambiri zinali zisanatulukemo m'sutikesi, munalibe poziika. Achemwali anaima pakhomo, akuyang'ana chilichonse cholowa.

"Thaulo limenelo ndi langa."

Make Mapasa analitulutsa, nalipinda bwino, naliika pa matiresi.

"Ndipo musadzabwere kuno mukulira akakuthamangitsani."

Make Mapasa anakoka sutikesi kudutsa pabalaza, kutsika masitepe, kutuluka pageti. Tayala limodzi linali lothyoka, choncho inkakwekwereka m'fumbi mpaka pokwerera basi. Mwana uja anamutsatira mpaka pageti, amake anamubweza ndi dzanja.

Chipinda cha kuhositelo chinali chopapatiza moti anthu awiri sakanadutsana osakhudzana. Mtsikana wa magalasi anamusonyeza bedi lopanda nsalu, shelefu imodzi ndi msomali wokolekapo zovala, kenako anabwezera zomvera m'makutu. Make Mapasa anachapa khoti lija, naliyanika pawindo. M'mawa mwake anapita kukalasi, nakhala mzere wakumbuyo pafupi ndi wa chipewa chofiira, amene anamufunsa mokweza kuti, "Madamu, lero junia wajomba?" Kutsogolo Kalekale ankaphunzitsa phunziro la Make Mapasa lija, pogwiritsa ntchito chithunzi chake cha dzenje chimene chinali chisanafufutidwe. Potuluka anamutula mulu wa mapepala m'manja.

"Ndikuwafuna ochongachonga sabata isanathe. Paja tsopano muli ndi nthawi."

Nthawi analidi nayo. Madzulo aliwonse akamaliza kuchonga ankapita kukalasi ija ikakhala yopanda anthu, n'kuima pabolodi, n'kuphunzitsa mipando, akutchula mobwerezabwereza mawu amene ana aja ankamuseka nawo. Akatuluka ankaimbira mwamuna wake. Foni inkaitana mpaka kuduka. Anatumiza uthenga, sanayankhidwe. Anaimbira mayi ake omubereka kuti akaone ana, iwo anati apita, koma anawonjezera kuti, "Mwana wanga, nkhani yafika kale kuno, ndipo yafika itavala zina."

Loweruka masana, akuyanika zovala kuseri kwa hositelo, anayesanso. Ulendo uno foni inayankhidwa. Anangomva kupuma kwa mwamuna wake, kenako phokoso la foni ikupatsiridwa, kenako mawu awiri ang'onoang'ono akulimbirana.

"Ndipatse ine! Amayi? Amayi!"

"Ana anga! Muli bwanji? Mwadya?"

"Tadya. Ababa anapsereza." Kunamveka kuseka, kenako wamkulu wa mapasawo, amene ankakonda kufunsa zinthu mosazungulira, analanda foni. "Amayi, azakhali anaimba. Akuti mwathawa. Mwathawira kuti?"

Make Mapasa anakhala pa chidebe chimene anachapiramo. Anadziwa kuti bambo awo ali pomwepo, akumvetsera.

"Sindinathawe, mwana wanga. Ndili kusukulu, ngati inuyo. Ndili ndi bedi langa, ndi aphunzitsi anga ovuta, ndi mayeso amene akubwera. Ndikamaliza temu ndibwera."

"Mubwera kunyumba kuno?"

Anadikira. Kumbali inayo kunali chete, kupatula wailesi imene inkalira patali.

"Funsa ababa ako," anatero.

Anamva mwanayo akutembenuka, akufunsa. Yankho silinamveke. Kenako mwanayo anabwerera pafoni.

"Atuluka panja. Koma akuti foni tisadule, tiziyankhula mpaka ithe yokha."